Kukatenga achimwene kuphiri la Dedza

Achimwene anga tinawaika m'manda mwezi wa Juni, koma amayi anakana kuti tinaika munthu yense. Ankati chimene chinabwera pa lole ya matabwa ija ndi thupi chabe, mwini wake anatsala kuphiri.

Achimwenewo ankacheka matabwa kuphiri la Dedza. Amapita nyengo ya dzinja ikatha, n'kumabwera kunyumba kwathu ku Kawale mwa apo ndi apo, manja ali gwa ndi utomoni wa paini. Anali munthu wosayankhulayankhula. Ine ndiye wapakamwa m'banjamo. Sukulu ndinaisiyira mu Sitandade 7, tsiku limene ndinathyolera mpando pamsana pa mnzanga, ndipo chiyambire pamenepo ntchito yanga ndi yoitanira minibasi pa siteji. Ndimadya ndi kukuwa. Ndewu zanga zambiri amene ankazithetsa ndi achimwenewo: amangofika, kundigwira kolala, n'kundikoka ngati mbuzi, osanena kanthu mpaka kunyumba.

Uthenga umene tinalandira unali wakuti mtengo unawagwera akudula, ndipo anafera pomwepo osamva kuwawa. Amene anabweretsa thupi ndi mnzawo amene ankagwirizana naye sowo, iye pamwamba achimwene pansi. Pamaliro bambo ameneyu analira kuposa ife abale. Amayi anamumvera chisoni mpaka anamupatsa majombo a achimwene kuti azikagwirira ntchito.

Maliro atatha amayi anasiya kudya. Mandasi anasiya kukazinga, beseni lawo linangokhala pakhonde mpaka linachita dzimbiri. M'mawa uliwonse ankanena zomwezomwezo, kuti awaona achimwene ataima pakhomo, akunjenjemera, akuti, "Amayi, kukuzizira." Amayi a kutchalitchi anabwera kudzapemphera, anaimba, anapita. Maloto sanasiye. Pofika mu Ogasiti chitenje chinkawazungulira kawiri, ndipo poyenda ankagwira khoma.

Ndi pamene amalume anabwera kuchokera ku Chilinde. Iwowo ndi telala, komanso mkulu wa mpingo, ndiye zimene ananenazo anazinena chapansipansi, atatseka chitseko.

"Izi si za kutchalitchi, ndikudziwa. Koma mlongo wangayu akutha tikuona. Kwathu ku Ntcheu munthu akafera kutchire amakamutenga. Timapita pamene anagwera, kutapa dothi, kumuitana dzina, n'kubwera naye kunyumba."

"Ndiye pitani mukatape," ndinatero.

"Sindingatape ine. Amatapa ndi wobadwa naye mimba imodzi." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati akundiyeza suti. "Vuto ndi lomwelo. Watsala ndiwe, pakamwa ngati wailesi ya m'bala."

Anandiuza malamulo ake. Ukatapa dothi n'kulimanga m'nsalu yoyera, suyankhulanso ndi munthu aliyense mpaka utalowa pakhomo. Sucheuka. Nsaluyo suiika pansi. Ndipo dzanja limene lanyamula munthu silimenya munthu. Ukaphwanya chimodzi, amene wanyamulayo amatsikira pomwepo, ndipo sabweranso kachiwiri ngakhale upite kukamuitana chaka chonse.

Amayi anali atagona pamphasa, nkhope kukhoma. Anatembenuka n'kundigwira mwendo.

"Mwanawe, tsiku limodzi lokha. Ugwire mtima tsiku limodzi lokha. Ukanditengere mwana wanga."

Tinanyamuka m'mawa wa Loweruka, ine ndi amalume. Ku Dedza tinatsika paboma, ndipo mnzawo wa achimwene uja anali akutidikira pamsewu wokwera kuphiri. Anali wamfupi, wamapewa aakulu, chipewa chaubweya chitafika m'maso. Kumapazi anavala majombo aja. Anagwira dzanja la amalume ndi manja awiri, ine n'kunditi, "Mphwanga, wakula bwanji masiku ochepa omwewa." Sindinamuyankhe bwino, koma si kuti ndinali naye chifukwa. Kunali kuzizira basi, ine nditavala kajuzi ka pa siteji.

Phiri limene lija ndinkangoliona pawindo la minibasi. Sindinkadziwa kuti mkati mwake muli dziko lina. Titangodutsa nyumba zomaliza, phokoso lonse linatsalira kumbuyo ngati wina watseka chitseko. Mitengo ya paini inaima m'mizere, yaitali, yowongoka, yofanana yonse, ndipo pansi pake panalibe udzu koma masamba ake owuma aja, ofiirira, ofewa ngati matiresi. Ukaponda sipamveka. Ine ndinakulira pamene wailesi ya aneba, chigayo, ana, mahutala ndi alaliki zimalira nthawi imodzi, ndiye bata limenelo linkandiwawa m'makutu. Ndinayesa kutsokomola kuti ndimve ngati ndidakali ndi mawu. Nkhungu inkadutsa pakati pa mitengo pang'onopang'ono, n'kumanyowetsa nsidze. Kamodzi tinaona apusi atakhala pamwala, ndipo nawonso anangotiyang'ana osalira.

Chapakati pa phiri pali nyumba ya alendo, ya njerwa zofiira, yokhala ndi chumuni ndi maluwa kuzungulira. Utsi unkatuluka bwinobwino pachumunipo. Pakhonde panali anthu atavala majuzi okhuthala, akumwa tiyi, miyendo atayika pampando. Anabwera dala kudzamva kuzizira komweko, galimoto yawo itaima pambali. Mmodzi anaimirira n'kuimba likhweru kuitana galu wawo wamkulu amene ankathamanga m'mitengo. Mnzawo wa achimwene anadzidzimuka mpaka anatsala pang'ono kugwa.

"Mukuopa galu wa mabwana?" ndinamuseka. "Ameneyo amadya soseji, sangalume munthu wonunkha utuchi."

Sanaseke.

Amalume anali atatha mpweya. Ali ndi chifuwa cha mphumu, ndipo pokwera ponse ankaima n'kumagwira maondo. Mlonda wa panyumbapo anawapatsa benchi kuseri, kumene kunali dzuwa pang'ono. Anatulutsa nsalu yoyera m'thumba la jekete, yosokedwa m'mbali ndi makina awo omwe, n'kundipatsa.

"Kumtundako sindifika. Mupite awiri. Ukafika utchule dzina lake, umuuze kuti wabwera kudzamutenga, amayi ake akumufuna. Ukamanga mfundo, pakamwa potseka. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

"Sindikufunsa makutu. Ndikufunsa mutu wakowo."

Tinasiya msewu n'kulowa kanjira ka ocheka matabwa. Bambo uja anali patsogolo, ine pambuyo. Tinakwera mpaka nyumba ya alendo inasowa, kenako tinatsetserekera kuseri kwa phiri, kumene dzuwa silifika msanga. Uko mitengo inali ikuluikulu, ndipo apo ndi apo panali zitsa ndi milu ya utuchi wakuda ndi chinyontho. Anaima pa chitsa china chachikulu, utomoni utauma pamwamba pake ngati makandulo osungunuka. Thunthu lake linali litachekedwa kale n'kutengedwa. Panangotsala nthambi zowuma ndi kadzenje m'masamba.

"Ndi apa," anatero, n'kuvula chipewa.

Ndinagwada. Ndinakankha masamba mpaka ndinapeza dothi, lakuda, lozizira ngati latuluka mufiriji. Ndinatchula dzina la achimwene. Mawu anga anamveka aang'ono m'nkhalangomo, ngati a mwana. Ndinati, "Achimwene, ndine. Ndabwera kudzakutengani. Amayi akukufunani kunyumba. Tiyeni, kuno kukuzizira." Ndinatapa ndi manja awiri, kuika pansalu, kumanga mfundo. Ndinaimirira, kukumbatira kamtoloko pachifuwa, n'kuyang'ana njira imene tinadzera.

Tsopano ine ndinali patsogolo. Kumbuyo kwanga ndinkamva majombo aja akuti fwa, fwa m'masamba. Kuyenda kwake kunali kwa munthu wina, koma kulira kwa majombowo ndinkakudziwa kuyambira kalekale.

Sitinapite patali pamene anayamba kuyankhula.

"Mphwanga, wamanga kale, eti? Sungayankhe." Anapuma. "Ifenso kwathu timatero. Ndikudziwa kuti sungacheuke."

Ndinangoyenda.

"Pali zimene sindinanene pamaliro. Ndikuuza iwe, komanso ndikuuza amene wanyamulayo. Ine sindigona, mphwanga. Mkulu wako sanafere pomwepo."

Mapazi anga anaima okha. Ndinawakakamiza.

Anafotokoza zonse ali kumbuyo kwanga, mawu ake osakwera, osatsika, ngati akuwerenga. Anati kumene ankadulako kunali kosaloledwa, analowako mozemba, iye, achimwene ndi anzawo ena awiri. Mtengo uja mphepo inautembenuza, unagwera kumene sankayembekezera, n'kuwapanikiza achimwene m'chiuno ndi miyendo. Anali moyo, akuyankhula bwinobwino. Atatuwo anayamba kufuna mitengo yoti atukulire. Ndiye anamva likhweru, ndi galu akuuwa chapafupi.

"Tinati ndi alonda a nkhalango. Tinatola sowo n'kuthawa. Iye anatiitana, anati, 'Aise, ingonditukulirani pang'ono, ndidzikoka ndekha.' Tinathawabe. Mphwanga, sanali alonda. Anali alendo a panyumba ija, akungoyenda ndi galu wawo. Sanafike n'komwe kumene kunali iye."

Magazi anandikwera kumutu mpaka mitengo inayamba kuoneka yofiira. Ndimaudziwa mkwiyo wanga. Umayambira m'khosi, kutsikira m'mapewa, ndipo ukafika m'manja ndimadzazindikira munthu ali kale pansi. Unafika m'manja. Koma m'manjamo munali kale munthu. Ndinafinya kamtolo kaja mpaka chinyontho chinadutsa nsalu n'kunyowetsa juzi.

"Anzathu aja anatsikira mbali ina, sanabwerenso. Ine ndinabwerera dzuwa likulowa. Ndinamupeza akupumabe. Ndekha mtengo umene uja sindikanautha, ndinayesa, ndinathyola mitengo iwiri. Anati ndisavutike, ndipite m'mawa ndikaitane anthu. Anangopempha chinthu chimodzi. Anati, 'Ndikolezere moto, ndikuzizidwa.'"

Apa mawu ake anasweka, ndipo majombo anasiya kulira. Kenako anayambanso, pafupi kwambiri, mpweya wake ukundifika pakhosi.

"Machesi ndinali nawo m'thumba. Koma ndinaganiza, moto usiku m'nkhalango muno umaoneka mpaka kuboma. Abwera, andigwira, ana anga adya chiyani? Ndinamuuza kuti machesi anyowa. Ndinamufunditsa nthambi n'kupita. M'mawa tinamupeza atauma."

Pambali pa njira panali mwala wokwana bwino m'dzanja. Ndikuukumbukira mpaka lero, wotuwa, wosongoka mbali imodzi, ndere zitamera pamwamba. Ndinauyang'ana nthawi yaitali. Kunali zii. Kunalibe mboni, kunalibe wondigwira kolala. Kuika kamtolo pansi, kutola, kutembenuka: zikanatha msanga kuposa kudzaza minibasi ya m'mawa. Ndipo achimwene akanatsikira pomwepo, kuseri kwa phiri kumene dzuwa silifika, n'kukhala komweko mpaka kalekale, amayi n'kumawaonabe pakhomo akunjenjemera mpaka nawonso titawanyamula.

Ndinaluma lilime. Ndinalumadi, mpaka m'kamwa munadzaza mchere. Ndinameza, chifukwa sindinadziwe ngati kulavula n'kololedwa. Ndinaudutsa mwala uja.

"Nena kanthu, mphwanga," anatero kumbuyoko, akulira tsopano. "Tembenuka undimenye. Ndikupempha. Undimenye kamodzi kokha."

Ndi pamene ndinamvetsa kuti mwina sanasankhe nthawi imeneyi pofuna kudziteteza kokha. Mwina theka la mtima wake linkafunadi mwala uja. Zimenezo zinandikwiyitsa kuposa zonse. Anawasiya achimwene kuphiri kamodzi, ndipo tsopano ankafuna kuti ine ndiwasiyenso kachiwiri kuti iye apeze tulo. Ndinafulumira. Njira yonse yotsala anandilondola akufwenthera, akutchula dzina la achimwene, ine maso ali panjira, ndikuwerenga mizu kuti ndisapunthwe.

Titafika panyumba ya alendo amalume anaimirira pabenchi paja. Anaona nsalu pachifuwa panga n'kugwedeza mutu. Kenako anadutsa pambali panga kupita kwa bambo uja. Sindikanatha kuona, ndinangomva.

"Bambo, mwatichitira zazikulu. Taonani mmene mwaliriramu. Anzake otere masiku ano kulibe. Mulungu akudalitseni, inu ndi ana anu."

"Musatero, bambo," anayankha motsitsa.

"Ayi, nditero. Mukadzabwera ku Lilongwe musadzagone kwina. Pakhomo paja ndi panu."

Alendo aja anali atalowa m'nyumba. Pawindo ndinaona moto ukuyaka pachumuni, nkhuni zazikulu za paini zikuthetheka, galu atagona patsogolo pake. Ndinayamba kutsika ndekha. Amalume anandithamangira akupuma movutika, akung'ung'udza kuti ana a masiku ano ngakhale kugwedeza mutu potsanzika sadziwa. Majombo aja sanatitsatirenso.

Mu minibasi amalume analipira mipando itatu, ine pakati, wa kuwindo wopanda munthu. Pa Linthipe kondakitala anafuna kukwezapo mayi wina wa thumba la mbatata.

"Sunthani apo, mani. Mpando uwu si wa agogo anu."

Ntchito imeneyo ndi yanga, ndipo mawu amene ndikanamubwezera ndinali nawo okonzeka, atatu kapena anayi, onse otchula makolo ake. Amalume anamugwira mkono.

"Pali munthu pamenepo, mwanawe. Walipira."

Kondakitala anayang'ana mpando, anayang'ana nsalu yoyera, n'kumuuza mayi uja kuti adikire ina. Anauza dalaivala kuti achepetse wailesi. Mpaka ku Lilongwe palibe amene anatiyang'ananso.

Kumene ndinkaopa kwenikweni ndi pa siteji yathu, chifukwa kuchokera pamenepo kupita kunyumba timayenda pansi. Anzanga anandiona ndikutsika.

"Eee, bwana abwera! Mwatitengera chiyani ku Dedza, mbatata?"

"Aise, ukutinyoza? Wailesi yatha mabatire lero?"

Mmodzi, amene ndinamuthyolapo dzino chaka chatha, anabwera kutsogolo kwanga n'kuyamba kuyenda chambuyo, akundisuzumira kumaso. "Walodzedwa uyu. Taonani maso akewo. Kamtoloko ndi ka asing'anga eti? Tatiwonetsa." Anatambasula dzanja. Ndinamuyang'ana basi. Sindikudziwa chimene anaona, koma dzanja lija analibweza, n'kupatuka. Zonena zawo zinali ngati ntchentche poyerekeza ndi zimene ndinanyamula kuchokera kuphiri. Kawale yense ankalira monga mwa masiku onse, zigayo, mawailesi, ana, koma ine m'makutu mwanga munali mudakali zii wa m'mitengo muja, ndi majombo.

Amayi anali atakhala pakhomo, atatsamira chitseko. Aneba anati anakhala pamenepo chichokereni ife. Ndinalowa, kuima pakati pa chipinda, ndipo amalume anati, "Muuze kuti wafika."

Lilime linali litatupa. Ndinati, "Achimwene, tafika. Kuno ndi kunyumba."

Amayi analandira kamtolo kaja ndi manja awiri ngati akulandira khanda kuchipatala. Anakafunditsa bulangete la achimwene n'kukaika pamphasa. Sanalire. Ankangosisita bulangetelo n'kumati, "Wabwera, wabwera mwana wanga."

"Machesi ali kuti?" ndinafunsa.

Amalume anadabwa. "Tsiku lonse osayankhula, mawu ako oyamba ndi machesi? Kunja kuli dzuwa."

Machesiwo ndinawapeza ndekha. Ndinatenga mbaula, kudzaza makala onse amene anatsala m'thumba, kukoleza panja, kukupiza mpaka anafiira, n'kuilowetsa m'nyumba. Ndinaiika pafupi ndi bulangete lija, pafupi kwambiri mwakuti amayi anaikankha pang'ono kuti lingapse. M'chipindamo munatentha mpaka amalume anavula jekete. Ine ndinakhala pansi n'kumawonjezera makala.

Amayi anapempha phala. Aneba anathamanga kukaphika, ndipo anamwa theka la kapu, koyamba pa masabata ambiri. Atamaliza anandiyang'ana.

"Wapaona pamene anagwera?"

"Ndapaona."

"Ndi potani?"

"Ndi pabata, amayi. Mitengo yokhayokha. Kulibe phokoso."

"Ndipo n'zoona kuti sanavutike? Mnzake uja wanenanso choncho?"

Pakamwa panga panali potsegula tsopano. Lamulo linali litatha, ndikanatha kunena chilichonse, kutukwana, kukuwa mpaka Kawale yense amve. Amalume ankandiyang'ana akumwetulira, akudikira kuti nditsimikize. Amayi anali ndi phala pamlomo, dzanja lili pabulangete.

"Sanavutike," ndinatero. "Anafera pomwepo."

Anagwedeza mutu, kugona chammbali pafupi ndi kamtolo kaja, ndipo posakhalitsa anayamba kupuma mwa tulo. M'mawa mwake sananene za maloto. Tinapita kumanda tonse atatu, amayi akuyenda okha osagwira munthu, ndipo ndinathira dothi lija pamtumbira wa achimwene. Lakuda lija linaoneka lachilendo pamwamba pa dothi lofiira la kuno. Patatha sabata amayi anakwecha beseni lawo la mandasi.

Amalume mpaka lero akakumbuka ulendo umenewu amati, "Koma mnzake uja ndi munthu. Bwanji sabwera kudzationa?" Ine ndimangoti kaya. Njira ya kuphiri ndikuidziwa, nkhope yake ndikuidziwa, ndipo minibasi za ku Dedza zimadutsa ndikuziona tsiku lililonse. Manja anga alibe kanthu tsopano. Koma ndikapita, amayi adzafunsa chifukwa chake, ndipo akadzamva, achimwene adzayambanso kuima pakhomo paja. Ndiye ndidakanyamulabe, sindinacheuke, ndipo mwezi wa Juni ukafika mbaula ya m'nyumba mwathu ndimakoleza ndine.